Kodi ma antioxidant a m'zomera amachizadi matenda?

Funso: Ndinagula botolo la ufa wa masamba ndi mizu, ndipo analembapo kuti muli ma antioxidant ochuluka amene amateteza ku khansa ndi kuchedwetsa ukalamba. Kodi ma antioxidant n'chiyani, nanga zimenezi ndizikhulupirire? Ndine mayi wowerenga magazini ino.

Yankho: Mayi, mukadula apulo n'kulisiya pambale, sipatenga nthawi kuti lide chifukwa cha mpweya wa okosijeni, koma mukalidonthezera madzi a ndimu limachedwa kuda, popeza vitamini C wa m'ndimumo ndiye amayamba kulimbana ndi mpweyawo. Ntchito ya ma antioxidant ndi yotero. Thupi likamagwiritsa ntchito okosijeni popanga mphamvu, pamatuluka tizinthu tolusa totchedwa ma free radical, timene timalanda ma elekitironi (tizigawo tating'onoting'ono ta maatomu) m'maselo n'kuwononga mafuta, mapuloteni ndi DNA, ndipo antioxidant amapereka elekitironi yake kuti kanthu kolusako kaleke kuwononga. Zomera zili nawo ambiri ndithu: catechin mu tiyi wobiriwira, quercetin mu anyezi, lycopene mu tomato, curcumin mu turmeric.

Pamene pagona nkhani ndi pa kayezedwe kake. Akatswiri amathira madzi a chomera m'mankhwala amtundu wa pepo otchedwa DPPH, ndipo akasanduka achikasu amalemba kuti chomeracho chili ndi mphamvu. Zimenezo n'zoona, koma zachitikira m'kabotolo ka galasi, mopanda matumbo, chiwindi kapena impso. Mwachitsanzo, curcumin amaoneka wamphamvu zedi m'kabotolo, pamene munthu akamumwa ndi wochepa kwambiri amene amafika m'magazi, ndipo wochepayo chiwindi chimamusintha msanga. N'chifukwa chake mu 2012 unduna wa zaulimi wa ku United States unachotsa mndandanda wake wa ORAC, wosonyeza mphamvu ya ma antioxidant a m'zakudya monga inayezedwera m'kabotolo, umene amalonda ankakonda kuutchula poitanira malonda.

Kuchulukitsa nako kuli ndi zoopsa zake. Ku Finland, kafukufuku wa amuna osuta fodya oposa 29,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994, anapeza kuti khansa ya m'mapapo inakwera ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapiritsi a antioxidant wotchedwa beta-carotene. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa SELECT anaonetsa kuti mapiritsi a vitamini E, amenenso ndi antioxidant, anakweza ndi 17 peresenti khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Musaiwalenso kuti ma free radical ena thupi limawafuna, pakuti maselo oyera a m'magazi amaphera nawo tizilombo toyambitsa matenda.

Kudya masamba ndi zipatso zosiyanasiyana tsiku ndi tsiku n'kothandiza, ndipo pamenepa palibe mtsutso. Za ufa wanuwo ndikukayika. Onani ngati analemba mayina a zomera ndi muyezo wake. Ngati sanalembe, ine sindingamwe. Ngati muli oyembekezera kapena mukumwa mankhwala ena a kuchipatala, tengani botololo mukawaonetse adokotala musanalawe n'komwe.