Musawasiye amalume anu kudikira kuitanidwa dzina

Mayi, pa nkhani yanu ya amalume anu amene akupita kuchipatala: popeza iwo samva, musavomere kuti chipatala chingowauza kuti akhale pabenchi adikire kuitanidwa, chifukwa zimenezo n'zimene zinawavulaza achimwene anga mu 2020, nthawi ya Covid-19. Iwo amadalira chinenero chamanja ndi kuyang'ana milomo, koma aliyense anali atavala masiki. Dzina lawo linaitanidwa pachimkuzamawu iwo ali pomwepo, akungoona anthu amene anawapeza pamzere akulowa ndi kutuluka. Atalimba mtima n'kupita pawindo ndi kapepala kolembedwa kuti samva, kalaliki anayamba kuwakuwira mokwiya, kenako anawalozera pabenchi pomwe paja. Dokotala anawaona madzulo, ndipo m'malo molemba malangizo, anangowapatsa mapiritsi n'kuimika zala zitatu. Achimwene anamva kuti amwe atatu nthawi imodzi, pamene iye ankatanthauza katatu patsiku, ndipo usikuwo tinawapeza akusanza, ali lefu, akulephera ngakhale kukweza manja kuti atiuze chimene chachitika.

Titakadandaula, mkulu wina anatiyankha kuti olakwa ndife posawaperekeza. Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero, chifukwa bambo wa ana ake sayenera kutenga mlongo wake kuti akamve nawo zinsinsi za m'thupi mwake. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, m'gawo 9 ndi 21, limanena kuti maboma aonetsetse kuti uthenga wopita kwa anthu onse ukupezeka m'chinenero chamanja, m'zilembo za Braille zimene anthu osaona amawerenga ndi zala ndi m'njira zina zosavuta kumva, komanso kuti pakhale omasulira ophunzitsidwa bwino. Ndiponso kulemba pakapepala sikukwanira nthawi zonse, pakuti chinenero chamanja chili ndi malamulo akeake, ndipo kwa osamva ambiri chinenero cholembedwa n'chachiwiri.

Choncho lemberani chipatalacho tsiku lisanafike, mupemphe womasulira, ndipo musunge kope la pempholo. Mukane kuti wachibale amasulire m'malo mwa katswiri. Komabe, kunena zoona, inu mupite nawo ndithu, mumvetsere dzina lawo likamaitanidwa, ndipo musachoke dokotala asanalembe kuchuluka kwa mapiritsi ndi nthawi yomwera, amalumewo n'kubwereza ndi manja awo zimene amvazo.