Brain coral wanga akulavula chakudya, nditani?

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti anagula brain coral (korali, chamoyo cha m'nyanja ya mchere chokhala ndi chigoba cholimba ngati mwala, chimene anthu amaweta m'thanki yagalasi) masabata atatu apitawo, ndipo ngakhale amamudyetsa tsiku lililonse, koraliyo akungolavula chakudyacho. Funso limeneli landikhudza kwambiri, chifukwa nanenso ndinataya korali wanga woyamba m'njira yomweyi.

Anali wa mtundu wa Trachyphyllia geoffroyi, wofiira mosakanikirana ndi kobiriwira, wa mizere yokhotakhota ngati ubongo. Ndinamuika pamwamba pa mwala, pafupi ndi nyali, kuti aliyense wobwera kunyumba amuone. Madzulo aliwonse ndinkamupatsa zidutswa za nsomba zazikulu ngati chikhadabo, ndipo m'mawa ndinkazipeza zili pamchenga zitakutidwa ndi zinthu zonanda. Mwezi usanathe anayamba kutuwa, mnofu wake unafota, ndipo nsonga zoyera za chigoba chake zinayamba kuonekera m'mphepete. Ine ndinkati ndi njala, choncho ndinawonjezera chakudya. Pamene ndinkayeza madzi n'kupeza kuti nitrate ndi phosphate, zinthu zimene zimachuluka m'madzi chakudya chikamawola, zakwera kwambiri, ndere zinali zitaphimba kale galasi ndipo koraliyo anali atatheratu.

Ndinene mosapita m'mbali kuti ambiri a ife timapha makorali amenewa ndi chakudya, osati ndi njala. M'mnofu wawo mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo gawo lalikulu la mphamvu zawo limachokera kumeneko. Kuwala kukachuluka mwadzidzidzi, korali amataya tindereti, ndipo kumeneko ndiye kutuwa kuja. Komanso Trachyphyllia m'nyanja amakhala pansi pofewa osamatirira mwala, ndipo masana amatupa kwambiri moti pamwala wakuthwa mnofu wake umang'ambika. Ena monga Platygyra ndi Favites amakhala bwino pamwala, koma usiku amatulutsa timanja tatitali toluma, ndiye mnansi amene wayandikira kwambiri amavulazidwa.

Palinso mbava imene ambiri saiganizira, cleaner shrimp, kanyama ka m'gulu la nkhanu kamene kamawetedwanso m'thanki. Nditagula korali wanga wachiwiri, ndinaiona ikupisa miyendo yake m'kamwa mwake n'kusolola chakudya chimene anali atameza kale. Kuyambira pamenepo ndimadula botolo lapulasitiki pakati n'kumuvindikira nalo mpaka atamaliza kudya.

Tsono muchite chiyani?

Siyani kumudyetsa kwa sabata imodzi ndipo yambani mwayeza madzi. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26 Celsius, mchere ufike pa 1.025 pa muyezo wa kulemera kwa madzi (specific gravity), calcium akhale pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni), alkalinity (mphamvu ya madzi yochepetsa asidi) pakati pa 8 ndi 9 pa muyezo wa dKH, ndipo magnesium akhale cha m'ma 1300 ppm. Chofunika kwambiri n'chakuti manambalawa asamasinthesinthe. Ngati wanuyo ndi Trachyphyllia, mutsitsireni pamchenga, pamalo pamene kuwala n'kwapakatikati ndiponso madzi akuyenda pang'onopang'ono. Mukayambiranso kumudyetsa, dikirani nyali zizime ndipo timanja take tituluke mozungulira pakamwa, kenako zimitsani pampu kwa mphindi 15 n'kumuikira mysis (tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu) ziwiri kapena zitatu pogwiritsa ntchito sirinji. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Akalavulanso, mwina chidutswacho n'chachikulu kwambiri, ndipo muchichotse m'madzimo nthawi yomweyo chisanayambe kuwola.