Kodi kusintha sefa ya mpweya ndi ekizozi kungabwezere mphamvu pa Hilux yanga?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Dedza. Ali ndi Toyota Hilux 3.0 D-4D ya 2012 yomwe amanyamulira kachewere ndi feteleza, ndipo nthawi zambiri amatsetsereka nayo ku Golomoti n'kukweranso Khwekhwerere itadzaza. Akuti masiku ano galimoto ikulemera pachikweza, moti akumabwerera giya yachiwiri pamalo pomwe kale ankadutsa ndi yachitatu. Mnzawo wawalangiza kuti aitanitse ku Joni sefa ya mpweya yapamtetete yosongoka ija, achotse bokosi la sefa lomwe linabwera ndi galimoto, kenako awotcheretse ekizozi ya paipi ya mainchesi 3. Funso lawo n'lakuti, kodi ndalama imeneyo ipindula?

Bambo, pa vuto mwafotokozali, musagule. Galimoto yanu inatuluka ku fakitale ili ndi mphamvu ya 120 kW, ikupuma ndi bokosi lomwelo komanso ekizozi yomweyo, ndipo Khwekhwerere inkamukwera bwinobwino. Ngati lero ikulephera, chilipo chimene chatha kapena chatsekeka, ndipo chimenecho sefa yatsopano siingachichiritse.

Mnzanuyo sakunama kotheratu ayi. Injini ikamalowetsa mpweya wambiri ndi kutulutsa utsi mosavuta, imatha kuwotcha mafuta ochuluka, mphamvu n'kukwera. Koma injini yanu ili ndi turbo komanso kompyuta. Kompyutayo ndi imene imalamula kuti turbo ikankhe mpweya wochuluka bwanji ndi kuti dizilo alowe wochuluka bwanji. Mukaikapo sefa yopepuka, turbo imangopeza ntchito yake yapepukako pang'ono, koma muyezo umene kompyuta inauzidwa ku fakitale susintha. Chimene chimasintha kwambiri ndi phokoso. Mumayamba kumva mluzu wa turbo ndi kulira kwa kukhosi kwa injini, mtima n'kumati galimoto yadzuka, pamene singano ya liwiro pachikweza ili pomwe paja.

Pa nkhani ya sefayi ndiye ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa apa m'pamene anthu amataya injini. Injini ya malita atatu ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi imameza mpweya wokwana malita 3,000 pa mphindi iliyonse, turbo isanawonjezere wake. Amenewo ndi migolo 15 ya malita 200. Tsono taganizirani mwezi wa Okutobala, muli kumbuyo kwa lole pa msewu wafumbi wopita kumunda, fumbi lofiira lija lili kobo mpaka simukuona kutsogolo. Mpweya wonsewo uli ndi mchenga wosalala, ndipo choutchinga ndi sefa basi. Sefa ya pepala ya ku fakitale imagwira fumbi laling'ono kwambiri. Sefa zansalu zopaka mafuta, monga yapamteteteyo, zimadutsitsa mpweya wambiri chifukwa timabowo take n'tokulirapo, ndipo podutsa mpweya wambiri fumbinso limapezerapo mpata, makamaka mafutawo akauma kapena mukaichapa osaipaka bwino. Fumbilo limayamba kukumana ndi timapiko ta turbo timene timazungulira kopitirira 100,000 pa mphindi. Mukadzaona turbo yodya fumbi itatsegulidwa pa garaja, yang'anani nsonga za timapikoto: m'malo mokhala takuthwa timakhala tobuntha, totuwa ngati tapalidwa ndi sandipepa. Likadutsa pamenepo limakapala masilinda ndi maring'i, injini n'kuyamba kudya oilo.

Palinso zina ziwiri. Mukapaka mafuta ochuluka pa sefa yoteroyo, amakamata pa sensa yoyeza mpweya yomwe ili kuseri kwake, sensayo n'kumanamiza kompyuta, galimoto n'kufookeratu. Ndiponso bokosi la ku fakitale limakoka mpweya kunja, cha m'mbali mwa galimoto, pamene sefa yapamtetete imapuma mpweya wotentha wa pansi pa boneti. Mpweya wotentha ndi wopepuka, uli ndi okosijeni wochepa. Ngati mumadutsa m'fumbi ndi m'madzi kawirikawiri, ndalama yanu ingachite bwino pa snorkel yomatidwa bwino, yomwe imakoka mpweya pamwamba pafupi ndi denga. Imeneyonso siwonjezera mphamvu, koma imateteza injini.

Ekizozi ndiye ili ndi kaphindu pang'ono, sindingakane. Turbo imakonda kuti utsi ukachoka mwa iyo usapeze chopinga, choncho paipi yotakasuka imathandiza kuti iyambe kukankha msangako komanso kuti utsi usatenthe kwambiri pokwera phiri ndi katundu. Koma payokha, osakhudza kompyuta, kusiyana kwake n'kochepa moti pa giya simudzakuona. Kwa amene ali ndi pikapu ya petulo yopanda turbo, monga Hilux ya 2.7, paipi yokulitsa imatha kuchepetsa mphamvu yonyamukira, chifukwa utsi umayenda mwaulesi m'paipi yotakata injini ikamazungulira pang'onopang'ono. Ndipo chonde, sailensa musachotse. Anzathu okhala m'mphepete mwa msewu ali ndi ana ogona usiku.

Chimene chimawonjezeradi mphamvu pa injini za dizilo zamakonozi ndi kusintha pulogalamu ya mu kompyuta kapena kuikapo chipu, kuti dizilo ndi mpweya zilowe zambiri. Pamenepo ndi pomwe ekizozi yaikulu imakhala ndi ntchito yeniyeni. Komabe inu sindingakulimbikitseni. Injini ya 3.0 D-4D imadziwika kuti mainjekita (timipope topopera dizilo m'masilinda) akatha kapena dizilo akachuluka, mapisitoni amatha kung'aluka chifukwa cha kutentha, ndipo galimoto yokwera phiri itasenza matumba ndiyo imatenthetsa mapisitoni kuposa ina iliyonse. Kilatchi nayonso imayamba kuterereka msanga. Ngati galimotoyi ndi imene imadyetsa banja, kulimba kwake n'kofunika kuposa kuthamanga.

Nanga muyambire pati? Pitani kwa makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, ayeze mainjekita ndi kuona ngati turbo ikufika pa muyezo wake. Asinthe sefa ya mpweya ndi ya dizilo, aike zenizeni. Sefa ya dizilo yotsekeka imafooketsa galimoto pachikweza ndendende monga mukufotokozeramo, ndipo ndi yotchipa kuyerekeza ndi zomwe mumafuna kugula. Musalole kuti sefa ya mpweya yakale azingoipopa ndi kompuresa, pepala lake limang'ambika mosaoneka. Kenako ayang'ane mapaipi a labala ochoka ku turbo kudutsa pa intercooler (choziziritsira mpweya wochoka ku turbo): mukaona pena ponyowa ndi oilo wakuda, kapena mukamva kufwenthera poponda mafuta, mpweya ukuthawira pamenepo. Auzeninso atsegule vavu ya EGR (yomwe imabwezera utsi wina mu injini) ndi khosi lolowera mpweya. Pa galimoto ya zaka zoterezi mumapezeka mwaye wosakanikirana ndi oilo, wakuda bii, womata ngati phula, wochita kukanda ndi sikuludiraiva, ndipo njira ya mpweya imakhala itachepa ndithu. Pa mainjekita pomwepo aone mawashala ake a pansi, chifukwa akamatayitsa, mwaye umalowa mu oilo n'kukatseka kasefa ka mu sampu, mosungira oilo pansi pa injini.

Inunso muli ndi zanu zoti muone musanafike ku garaja. Ngati munaika matayala aakulu kuposa oyamba, giya iliyonse inatalika ndipo galimoto iyenera kulemera pokwera. Gwirani marimu mukayenda mtunda pang'ono, limodzi likatentha kuposa anzake ndiye kuti mabuleki akugwira. Muwerengenso matumba moona mtima: pikapu zimenezi zinapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo pa dabo kabu muyezo umatsikirapo, anthu okwera nawonso amawerengedwa. Mukakapita kwa makaniko, mundilemberenso mundiuze mtundu wa utsi umene ukutuluka pachikwezapo, wakuda, woyera kapena wabuluu, ndi zomwe makina awonetsa pa mainjekita, tidzaone limodzi chotsatira.