Zaka zopanda ntchito pa CV: kodi mabwana amaziona bwanji?

Achemwali ena a ku Ulongwe andilembera imelo. Ankawerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa zipangizo ku migodi ya malasha ku Moatize. Kontarakiti inatha mu 2020, anabwerera kumudzi kukadwazika mayi awo, kenako n'kuyamba kulima mbatata ya kachewere. Pano akufunanso ntchito, ndiye akufunsa ngati asunthe madeti pa CV kuti mpatawo usaoneke.

Achemwali, madetiwo asiyeni momwe alili. Lamulo la ntchito kuno ku Mozambique limati munthu akasiya ntchito, bwana amupatse certificado de trabalho, chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira ndi udindo umene anali nawo. Olemba anthu ntchito amachiitanitsa. CV ikamati 2022 chikalata chikuti 2020, nkhani yathera pomwepo, makamaka kwa inu amene mukupempha kusunga ndalama za eni ake.

Mpata wokhawo sudabwitsa munthu kuno ku Tete. Kampani ya Rio Tinto inagulitsa mgodi wa Benga ku kampani ya ku India ya ICVL mu 2014, kampani ya Vale inasiyira kampani ya Vulcan mgodi wa ku Moatize mu 2022, ndipo pakati apo panadutsa Covid. Mgodi ukasintha mwini kapena malasha akatsika mtengo, makampani ang'onoang'ono odalira migodiyo ndi amene amayamba kuchepetsa antchito. Kufodya nakonso ambiri amalembedwa nyengo yogula ndi kukonza fodya yokha. Bwana amene wakhala m'chigawo chino zonsezi amazidziwa, mwinanso iye mwini anakhalapo pakhomo.

Chimene chimamuvutitsa ndi zaka zongodumphidwa, osanenapo kanthu. Amayamba kudzifunsa yekha: anachotsedwa chifukwa cha kuba? Nanga mapulogalamu a pa kompyuta akuwakumbukirabe? Malamulo a msonkho amene asintha akuwadziwa? Funso lomalizali ndi lachilungamo ndithu, ndipo mukonzekere. Lamulo la ntchito lenilenilo linalembedwanso mu 2023, choncho liwerengeni musanapite ku entrevista, kukafunsidwa mafunso a ntchito. Ngati n'kotheka, chitaniko kosi yaifupi ku IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito, kuti pa CV pakhale deti latsopano.

Za ulimi musachite nazo manyazi. Lembani mzere umodzi: zaka zakutizakuti, ulimi wa mbatata ku Angónia, kugula feteleza, kulipira aganyu, kukambirana mitengo ndi ogula. Imeneyo ndi ntchito yowerengera ndalama, kungoti ofesi yake inali kumunda. Za matenda a mayi nenani mwachidule akakufunsani, "ndinkadwazika mayi anga, pano ndine wokonzeka kugwira ntchito", basi. Tsatanetsatane wa kuchipatala si wawo.

Sindikunamizani, alipo mabwana ena amene akaona mzimayi wakhalitsa pakhomo amaganiza kuti mawa adzachokanso. Amenewo pepala silingawasinthe. Chimene chimathandiza ndi munthu wokuchitirani umboni, ndiye muimbireni foni amene anali mkulu wanu ku Moatize, mumupemphe chilolezo choika nambala yake pa CV. Mukapezenso ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni za antchito, chikalata cha zopereka zanu, chisonyeze miyezi imene munali pa ntchito.