Gemu yanu sinawonongeke, achimwene

Mwafunsa ngati gemu yanu yawonongeka, poti mukangofa zonse zimafufutika, komanso kuti zilombo zoopsa za m'gemumo opanga ake anazitenga kuti. Sinawonongeke ayi. Umu ndi mmene magemu a mtundu wotchedwa roguelike amakhalira kuyambira pa gemu ya Rogue ya mu 1980: ukafa wafa, ndipo njira zimasintha ulendo uliwonse. Popeza mumasewera mosinthana, mdani sasuntha mpaka inu mutasuntha. Ndiye musapupulume, yambani mwaona moyo umene mwatsala nawo musanamenye.

Koma nkhani ya zilombozo ndi imene imandigwira mtima. Ena mwa opanga magemu otere amatengera kwa ojambula akale ngati Hieronymus Bosch, amene anamwalira mu 1516. Kafufuzeni chithunzi chake cha The Garden of Earthly Delights, chili m'nyumba yoonetseramo zithunzi ya Prado mumzinda wa Madrid. Mbali ya kumanja kuli chilombo cha mutu wa mbalame, chovala mphika kumutu, chikumeza munthu wathunthu. Chapamwamba pali makutu awiri akuluakulu, mpeni uli pakati pawo. Ine nditachikulitsa pa foni usiku, tulo tinandithawa. Muonenso The Triumph of Death cha Pieter Bruegel, pamene chigulu cha mafupa a akufa chikukankhira amoyo m'chibokosi chachikulu.