Magetsi akumbuyo a galimoto yokokedwa ndi motorhome

Achimwene ena okhala ku Indiana, ku America, anditumizira imelo. Agula motorhome (galimoto yaikulu yokhala ndi pogona ndi pophikira mkati), akufuna azikoka Honda CR-V yawo ya 2012 matayala onse ali pansi, nde akufunsa ngati angathe kungosenda mawaya a magetsi akumbuyo nkulumikiza ku pulagi ya motorhome basi.

Achimwene chonde musatero. Moto wochokera ku motorhome sukathera pa babu pokha ayi, umabwerera kulowa mmawaya a galimotoyo mpaka kutsogolo, ndipo galimoto zamasiku anozi zili ndi timakompyuta tosachedwa kupsa, mungalire nazo ndalama zambiri pa chinthu choti ma diode otchipa (tizida toletsa moto kubwerera mmbuyo) akanateteza.

Pulagi ya mapini 4 yaku America ili chonchi: waya woyera ndi earth, wabulauni ndi magetsi ausiku, wachikasu ndi indiketa yakumanzere, wobiriwira yakumanja, ndipo buleki imadutsa mmawaya awiri omwewo a indiketa. Nde ngati galimoto yanu ili ndi indiketa ya orenji payokha, isiyeni, lumikizani ku babu yofiira ya buleki, imeneyo iziphethira komanso kuyaka mukaponda buleki.

Diode imalola moto kupita mbali imodzi yokha. Za ntchito imeneyi, ngati za kampani ya Roadmaster, zili ndi polowera pawiri ndi potulukira pamodzi. Mumasula nyali yakumbuyo, kudula waya wa buleki, mbali yochokera kugalimoto ilowe polowera poyamba, waya wa motorhome pachiwiri, potulukira papite ku babu. Chimodzimodzi waya wa magetsi ausiku, mbali zonse ziwiri, nchifukwa chake paketi imabwera ndi ma diode 4.

Alipo magetsi amaginito ongomata pamwamba, nde ngabwino paulendo umodzi, koma fumbi likalowa pansi pa maginito limakala penti, komanso pa aluminiyamu sagwira. Ine kwa munthu wokoka pafupipafupi sindingamuuze zimenezo.

Pomwe ambiri amagwa mpa earth. Amaganiza kuti chitsulo chokokera chija chikwanira poti nchitsulo, koma pamalumikizidwe pake pamakhala girisi, penti ndi dzimbiri, nde magetsi amayaka mozilala kapena mukayatsa indiketa imodzi zonse zimaphethira. Waya woyera uja mummange ndi bawuti pa chitsulo cha galimoto yokokedwayo chomwe mwapala bwinobwino mpaka chiwale. Waya wapakati pa galimoto ziwirizi asiyidwe wolendewera pang'ono kuti asaduke pokhota, koma asakhule pansi.

China, ngati mwaika makina oponda buleki mu CR-V muja, akaponda magetsi ake a buleki amayaka ndi batire yake, nde indiketa yanu siwonekanso kuphethira kwa obwera mmbuyo. Pamenepo pamafunika relay pa switch ya buleki, kachida koletsa CR-V kuyatsa yokha magetsi a buleki ikamakokedwa. Musananyamuke wina aime kumbuyo, inu muyatse indiketa mutaponda buleki, kumanzere kenako kumanja, magetsi ausiku ali chiyakire.