Agogo a ku Ireland amene anangotsala dzina pa pepala

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene anakwatiwa ku Liverpool. Akuti mwana wawo kusukulu amuuza kuti alembe za makolo ake, mbali ya ku Dedza zonse zili m'mutu mwawo, koma mbali ya bambo ake angopeza kalembera wa 1851 pomwe palembedwa agogo aakazi a zaka 19, antchito a m'nyumba, kobadwira Ireland, basi. Ndiye akufunsa kuti agogowa anali ndani, nanga tiyambire pati?

Mayi, yang'anitsitsani chakacho kaye. Mtsikana wa zaka 19 amene ali ku Liverpool mu 1851 mwachidziwikire anathawa njala. Kuyambira 1845 mbatata ija ife timaitcha airishi inayamba kuolera m'munda ndi matenda, ndipo amphawi a ku Ireland mbatatayo ndiye inali nsima yawo, m'mawa masana madzulo. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atamwalira, enanso opitilira 1 miliyoni atachoka m'dziko. Chimandiwawa ine n'choti nthawi yonseyo tirigu ndi ng'ombe zimakwerabe sitima kupita ku England, uku eni malo akugwetsa nyumba za anthu olephera lendi. Amene munamvako agogo athu akusimba njala ya 1949 simungavutike kumvetsa.

Mu 1847 mokha anthu ngati 300,000 anatsikira pa doko la Liverpool. Ambiri amapitilira ku America koma amene ndalama zawathera amangokhala pompo, mbali za Vauxhall ndi Scotland Road, m'tizipinda tapansi pa nyumba topanda windo, pansi ponyowa, mabanja angapo chipinda chimodzi, chimbudzi chimodzi cha bwalo lonse, nsabwe n'kumafalitsa matenda a typhus mpaka ansembe a Katolika 10 anamwalira chaka chomwecho chifukwa choyendera odwala. Ena boma limawagwira kuwabweza kwawo. Ndiye agogo anuwo kupeza ntchito ya m'nyumba, kudzuka kusanache kukoleza malasha, kutunga madzi, kukolopa masitepe chogwada, kunali kupulumuka ndithu. Ndipo atsikana ngati iwowa ambiri amapatula kandalama kutumiza kumudzi kuti mng'ono wawo naye abwere.

Tsopano poyambira. Musathamangire ku Ireland ayi, mungotaya nthawi. Mndandanda wa okwera sitima musaufunenso, kuyambira 1801 Ireland ndi Britain linali dziko limodzi ndiye anthu samalembedwa powoloka. Vuto lina, mu 1922 nkhondo ya pachiweniweni itayamba, nyumba yosungira zikalata ku Four Courts mu Dublin inapsa, makalembera a 1821 mpaka 1851 pafupifupi onse anapita ndi moto, ndipo boma linayamba kulemba ana onse obadwa mu 1864, agogowo atachoka kalekale.

Chimene mukusaka ndi dzina la mudzi wawo, kumeneko amati townland, ndipo dzinalo mulipezera ku Liverpool konko. Pezani setifiketi ya ukwati wawo, imakhala ndi dzina la bambo awo ndi ntchito yawo. Atsatireni m'makalembera a 1861, 1871 mpaka kumapeto chifukwa nthawi zina wolemba wina amaika dera ngati Mayo kapena Roscommon m'malo mongoti Ireland. Ndipo chonde onani oyandikana nawo nyumba komanso amene anaimira ana awo pa ubatizo, anthu a mudzi umodzi amakonda kukhala msewu umodzi, ngati mmene timachitira ife tikafika ku Joni. Mukangodziwa parishi, mabuku a ubatizo a Katolika ali ulere pa intaneti ya National Library of Ireland, komanso kaundula wa malo wotchedwa Griffith's Valuation, wolembedwa pakati pa 1847 ndi 1864, amaonetsa amene amabwereka munda uti kwa ndani. Kungoti mabuku ambiri ali m'Chilatini, Patrick mumupeza ali Patricius, ndipo Bridget kwina amalembedwa Biddy kapena Delia. Zaka nazo musazikhulupirire kwambiri, ambiri amangoyerekeza.

Loweruka lina mutengeni mwanayo mupite naye pabwalo la tchalitchi cha St Luke's, chija chinaphulitsidwa ndi mabomba chija, pali chipilala chokumbukira njalayi. Kenako mukadutsire ku tchalitchi cha St Anthony's pa Scotland Road komwe anaikako anthu ambiri mu 1847. Mukapeza setifiketi ya ukwati ija mundilemberenso, tidzaione limodzi.